Njerwa za ku Linga la Kamphuno

Panali patatsala milungu itatu kuti ankhoswe amange nkhani ya Enelesi ndi Bonifasio pamene kalata ija inafika. Munali mu Ogasiti wa 1952, mphepo ikuulutsa fumbi m'mabwalo a ku Mbombwe. Anabwera nayo mayi wina wogulitsa mchere, amene sankadziwa kuti wanyamula moto pachifuwa. Enelesi anakaiwerengera kuseri kwa nkhokwe.

"Achemwali Enelesi, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma afunseni a Bonifasio kumene amapita Loweruka lililonse akaweruka, atamanga masaka pa kaliyala wa njinga. Amabwerako dzuwa litapendeka, malaya ali fumbi lokhalokha, nkhope ikuwala ngati achokera ku ukwati. Amalowera msewu wa ku Likoswe, koma kumeneko kulibe odwala awo. Ndine wokufunirani zabwino, Ursula."

Wokufunirani zabwino! Pali anthu ena amene akakuthira tsabola m'maso amakufunsanso ngati ukuona bwino. Ursula ameneyu ankachapa nsalu kuchipatala cha mishoni kumene Bonifasio anali dresala womanga mabala, ndipo zaka ziwiri zathunthu anakhala akumusokera mipango ya maluwa m'mbali, mwiniwake n'kumangoti zikomo. Enelesi ankadziwa zonsezo. Koma kudziwa kuti wonena ali ndi nsanje sikufafaniza zimene wanena.

Chinamupsetsa mtima kwambiri n'chakuti iye anali atataya kale zambiri chifukwa cha mnyamatayu. Anabadwira mumpingo wa ku Mbombwe, anabatizidwa mumtsinje, koma anavomera kuyamba kalasi ya Akatolika. Amayi ake, a Maluwa, anatha mwezi wathunthu akulankhula naye kudzera mwa nkhuku ndi agalu. Enelesi anakananso mphunzitsi wina amene anamufunsira, wa nsapato zake ndi tayi wake. Nanga Bonifasio anachitapo chiyani? Malume ake a Enelesi, a Timoti, anamusonyeza malo omangapo nyumba mvula itangokata, monga amachitira ndi mkamwini aliyense. Mpaka tsiku limenelo panalibe ngakhale mtengo umodzi wozikidwa, panangomera chisoso. Amayi a kuchitsime anali atayamba kufunsa ngati akwatiwo azidzagona pa kaliyala wa njinga.

Madzulo amenewo Enelesi anasinja chimanga ngati mtondo wamutukwana.

*

Loweruka masana anakaima pamphambano pamene msewu wa ku mishoni umakumana ndi wopita ku Likoswe. Sanadikire nthawi yaitali. Belu linalira, Bonifasio n'kutulukira pakona akuimba mluzu, masaka atatu opinda ali pa kaliyala, ndendende monga inanenera kalata.

Atamuona anagwira mabuleki, mluzu n'kuthera pakhosi.

"Enelesi! Kwagwanji? Kunyumba kuli bwino?"

"Kuli bwino. Mukupita kuti?"

"Ine? Aa, ndikungoyendako pang'ono, chakumtundaku."

"Kumtundako kulibe dzina?"

"N'kantchito chabe, Enelesi."

"Basi, ndikwera. Tikakagwire limodzi kantchitoko."

Bonifasio anayang'ana uku ndi uku. "Anthu ationa. Ankhoswe sanamalize, ndipo Abambo Mfumu akamva kuti ndikumakukwezani panjinga tisanadalitse..."

"Abambo Mfumu makutu awo amamva za ine zokha eti? Za ku Likoswe samva? Lero ndikamuone mnzangayo. Ndikamufunse ngati nayenso anasiya tchalitchi cha kwawo chifukwa cha inu."

Apa Bonifasio anazindikira, ndipo anachita chinthu chimene mwamuna wanzeru sachita pamaso pa mkazi wokwiya. Anaseka.

"Wakuuzani ndani? Ursula?"

"Oho! Ndiye mukudziwa amene akudziwa."

"Sindikutero ayi. Ndikungoti..."

"Musanenenso. Mapanga awiri avumbwitsa, a Bonifasio. Ine si mwana woti mundipatse nzimbe ndikhale chete."

Mnyamatayo anapukusa mutu, kaseko kakadali pamilomo. "Chabwino, kwerani. Koma mundiwonongera chinthu chimene ndakhala ndikukonza miyezi isanu."

"Ndikachiwononge kumene."

Anakhala chammbali pamasakapo, miyendo yonse mbali imodzi. Kumugwira m'chiuno anakana. Anagwira masipulingi a chishalo, ngakhale ankamutsina zala pa dzenje lililonse.

*

Anayenda ola limodzi ndi theka, ndipo mawu amene analankhulana sakanadzaza chipande. Amayi obwera kumsika ankaima n'kutembenuka, madengu ali pamutu. Mdala wina wotema nsungwi anafuula kuti, "Dresala, wodwalayo wadwala chiyani?" Bonifasio anaimba belu, Enelesi anangoti tsyoo.

Pa zitunda ankatsika onse awiri, Enelesi n'kumayenda patsogolo ngati njira akuidziwa. Mumtima ankamuumba mkazi wa ku Likoswe uja. Poyamba anamupatsa mano oyera ndi ndolo. Pa chitunda chachiwiri anamupatsanso mwana wofanana mphuno ndi Bonifasio, ndipo mkwiyo unamukwera mpaka makutu anatentha.

Atadutsa sitolo ya che Abbas, Myao wa ngolo ya ng'ombe amene aliyense m'deralo ankamudziwa, Bonifasio anasiya msewu n'kulowa kanjira kamene kanabisika m'nsenjere. Midzi inatha. Kunalibe utsi, kunalibe nkhuku, kunalibe ngakhale mbuzi. Kanjirako kanalowa pakati pa mizere iwiri ya mabulugama aakulu, oongoka moti zinkaonekeratu kuti anadzalidwa ndi chingwe.

"Mkazi wanuyo ndi nyani?" anafunsa Enelesi.

"Tafika," anatero Bonifasio.

Pamwamba pa kaphiri panaima chinthu chimene Enelesi anali asanachionepo chibadwire. Chinali chinyumba cha njerwa zofiira chopanda denga, makoma ake okhuthala moti munthu akanagonapo chopingasa. M'malo mwa mawindo munali timing'alu tatitali, topapatiza, tongokwana dzanja. Pakona panali nsanja yozungulira, yaitali kuposa ya tchalitchi, ndipo kachere anali ataikumbatira ndi mizu yake n'kuing'amba mbali imodzi. Panalibe phokoso lililonse kupatula la njiwa.

"Ili ndi Linga la Kamphuno," anatero Bonifasio, akutsamiritsa njinga pakhoma. "Anthu ochepa ndiwo amalidziwa, ndipo amene amalidziwawo safikako. Nkhondo ya 1915 itatha, mzungu wa esiteti ino, amene ankamutcha Kamphuno, tulo tinamuthawa. Ankati tsiku lina nawonso adzamubwerera. Ndiye anamanga ichi. Timing'alu timeneti ndi totulutsira mfuti. Fodya atagwa mtengo anabwerera kwawo, malata anthu anazula, basi."

"Sindinabwerere sukulu. Mkazi ali kuti?"

"Bwerani."

Anamutsogolera kuseri. Kumeneko khoma lina linali litaphwasulidwa mpaka m'chiuno, osati ndi mvula koma ndi manja a munthu wosamala. Pambali panali nyundo, kachitsulo kopalira, ndi mulu wa njerwa zopalidwa bwino, zosanjidwa mwadongosolo.

"Nayu mkazi wanga wa Loweruka," anatero Bonifasio. "Ndimanyamula zisanu ndi zitatu ulendo umodzi, m'masakamu, mpaka kwa che Abbas. Tsiku labwino maulendo khumi. Ndinati mkazi amene wasiya tchalitchi cha kwawo chifukwa cha ine sangagone m'nyumba yophoma ndi matope. Ndimafuna mudzangoona maziko."

Anatambasula manja. Zikhatho zinali zong'ambikang'ambika, zikhadabo zothyoka.

Mkwiyo ukasowa pogwera umasanduka manyazi, ndipo manyazi a Enelesi anali aakulu ngati lingalo. Nyumba ya njerwa! M'mudzi mwawo monse njerwa zinali pa tchalitchi ndi pa sukulu pokha. Anatola saka limodzi n'kumumenya nalo paphewa, fumbi n'kuti buu.

"Ndinu woipa! Miyezi isanu anthu akundiseka kuchitsime, inu muli chete!"

"Ndikanakuuzani mukanauza amayi, amayi akanauza nkhuku."

Enelesi anaseka mpaka misozi, ndipo kenaka misoziyo inapitirira yokha kuseka kutatha. Bonifasio anamugwira dzanja. Kunalibe woti awaone, choncho Enelesi sanalichotse.

*

Analowa m'kati. Anadutsa chipinda chachikulu m'mene munamera mapapaya, n'kupeza kachipinda kena kopanda ngakhale mng'alu, kachitseko kake kachitsulo katagwa pansi. Enelesi anasuzumiramo, fungo la mileme n'kumubweza.

Makwerero a nsanja anali akadali olimba. Anakwera Bonifasio ali patsogolo, akumuchenjeza pa sitepe iliyonse yosweka. Pamwamba mphepo inawalandira. Phiri la Chiradzulu linkaoneka ngati ungaligwire, ndipo kutali kwambiri Mulanje anali ngati mtambo wokana kuchoka.

Bonifasio anayamba kujambula nyumba m'malere ndi chala. Zipinda ziwiri, khonde kutsogolo, zenera loyang'ana kuchitsime kuti amayi onyoza aja aziona makatani.

"Koma inu malo ano munawadziwa bwanji?" anafunsa Enelesi, akadali kumwetulira.

"Bambo anga. Nditawauza kuti ndikufuna njerwa koma zogula sindingakwanitse, anati pita ku linga, njerwa za kumeneko sizisweka, ndinkaziyang'anira ndekha." Anamenya khoma ndi chikhatho monyadira. "Ndi amene anali kapitawo wamkulu pano. Njerwa iliyonse mukuionayi inadutsa m'maso mwawo."

"A Gregorio? Aja amaimba belu kumishoni?"

"Dzina la Gregorio analipeza pa ubatizo, ine ndisanabadwe. Nthawi imeneyo ankatchedwa Kalinde."

Enelesi anachotsa dzanja lake.

Dzina limeneli ankalidziwa asanadziwe kuwerenga. A Maluwa sankakonda kukamba zakale. Ana awo ankangodziwa kuti makolo anachokera ku Mozambiki, anakakhala kwa mzungu wina pa thangata, kugwira ntchito yaulere kuti asathamangitsidwe pamalo, kenaka n'kuthawira ku Mbombwe. Dzina la mzunguyo sankalitchula. Koma galu akaba, kapena mwana akamenya mnzake wofooka, mayiyo ankati, "Choka apa, Kalinde iwe!" Ndipo tsiku lina, Enelesi atafunsa chifukwa chake amayi ake amati anabereka ana asanu ndi awiri pamene iye amadziwa asanu ndi mmodzi, anamuuza osasiya kupeta. Woyamba anali Chisoni. Anali ndi miyezi isanu. Anatentha thupi m'mawa amayi ake akusenza njerwa kuchokera pa uvuni kukwera nazo phiri. Anapempha kapitawo kuti akhale pamthunzi amuyamwitse, kapitawoyo anawasonyeza chikoti. Anapempha kachiwiri, anawakwapula m'miyendo. Dzuwa litalowa anamasula mbereko n'kupeza kuti kuyambira masana ankasenza njerwa ndi maliro kumsana.

"Phiri lake ndi ili," anatero Enelesi.

"Mwati bwanji?"

"Uvuni unali kuti?"

"Kumunsi uko, pafupi ndi mtsinje. Enelesi, mwatani?"

Anamuuza. Sanalire ayi. Anamuuza mawu ndi mawu monga anamvera, maso ali pa njira yotsetsereka yopita kumtsinje. Bonifasio nkhope inagwa, pakamwa pali yasa.

Wina angafunse kuti nanga ankhoswe ankafufuza chiyani miyezi yonseyi. Ankafufuza zimene anthu akwathu amafufuza. A Timoti anapita kwawo kwa amayi ake a Bonifasio, anafunsa za mbumba yonse mpaka agogo, ngati kuli khate, misala kapena ufiti, ndipo anabwerako atakhutira. Za bambo anafunsa ndani? Bambo ndi tambala, amangolira pabwalo la eni ake. Anangomva kuti ndi mdala wopemphera, amaimba belu, basi nkhani inathera pomwepo.

"Mwina ndi Kalinde wina," anatero Bonifasio.

"Akapitawo aakulu analipo angati?"

Bonifasio anatembenukira kumtsinje, ndipo Enelesi anapitiriza.

"Ndiye mumati ndizigona m'kati mwa njerwa zimenezi? Ndizibereka ana m'menemo? Amayi anga azibwera kudzakhala pakhonde, atatsamira zimene anasenza mwana akuwafera kumsana?"

"Sindinkadziwa, Enelesi! Ndikulumbira pa mtanda!"

"Inu simunkadziwa. Nanga iwo? Anakutumizani kuno akunyadira kuti njerwa sizisweka!"

"Anali wolembedwa ntchito. Akanakana, chikoticho chikanagwera iwo. Nthawi yake inali imeneyo."

"Mzungu ndiye anawauza kuti mwana asayamwe?"

"Bambo anga analapa!" Tsopano nayenso mawu anakwera. "Zaka makumi atatu sanajombepo Misa. Munthu amene Mulungu anamukhululukira, inu ndinu ndani kuti..."

"Analapa kwa wansembe. Wansembeyo ndiye anafedwa? Kwa amayi anga anabwera liti?"

Njiwa zinathawa m'kachere. Anaima moyang'anizana pamwamba pa nsanjapo, aliyense akupuma ngati wathamanga. Kenaka Enelesi anakumbukira chinthu china.

"Mwati njerwa zina zili kwa che Abbas. Zisachoke kumeneko. Amayi asazione, asamve n'komwe. Mwandimva?"

Bonifasio anayang'ana dzuwa, ndipo nkhope yake inachita ngati ya munthu amene waponda njoka.

"Ngolo inanyamuka m'mawa, inadzera msewu wakumunsi."

"Kupita kuti?"

"Kwanu. Ndinapangana nawo kuti akatsitse lero, kuti mawa mukamachokera kutchalitchi..." Anatembenukira kumakwerero. "Ndipo bambo anakwera nawo. Anati akufuna akakoke okha chingwe cha maziko."

"Iwe!" anakuwa Enelesi. Chiyambire kudziwana anali asanamutchulepo choncho.

*

Pobwerera sanatsike pa chitunda chilichonse. Bonifasio ankapalasa ataimirira, thukuta likudontha pa mahandulo. Enelesi ulendo uno anamugwira malaya, osati mwachikondi, koma monga umagwirira mbuzi yoti isathawe. Tcheni chinagwa kawiri. Kachiwiriko anachibwezera ndi Enelesi yemwe, akumukankha mwini njinga kuti achoke.

"Mwina sanawazindikire," anatero Bonifasio. "Papita zaka zambiri. Akalamba, tsitsi linayera."

"Palasani."

"Ndikawauza kuti ndinagula kumishoni."

"Mukanamize amayi anga pa manda a mwana wawo? Palasani, ndati!"

Anafika dzuwa litapendeka. Ali patali anadziwa kuti achedwa, chifukwa mudzi unali chete mwa mtundu umene umamveka pakagwa zovuta. Pamalo a chisoso paja panaima ngolo, ng'ombe zikubzikula ngati palibe chachitika. Theka la njerwa linali pansi. Che Abbas anali atakhala pa gudumu, chipewa chili m'manja. Anthu anazungulira patali. Pakati panaima a Timoti, manja ali m'mwamba ngati akuletsa ndewu imene sinayambe, ndipo uku ndi uku kwa iwo kunali anthu awiri. Wina anali mdala wowonda, wowerama msana, kolona ili m'khosi, mpukutu wa chingwe uli m'manja. Wina anali a Maluwa, atanyamula njerwa imodzi ndi manja awiri.

Enelesi anadumpha njinga isanaime. "Amayi!"

"Wabwera? Wachita bwino. Bwera udzaone apongozi ako." A Maluwa sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinkaopsa. "Nkhope ndikanaiphonya, achimwene," anatero kwa a Timoti. "Ndinawapatsa mpando. Ndinawapatsa madzi akumwa m'kapu yanga ya alendo. Koma atatembenuka kuuza che Abbas kuti fulumirani, dzuwa silidikira munthu, miyendo yanga inawadziwa mutu usanadziwe."

"Mlongo, tiyeni tikhale pansi," anatero a Timoti. "Nkhani ngati iyi ili ndi njira yake."

"Inu khalani chete. Munapita kukafufuza mbumba, munabwera ndi fisi m'thumba." Anatembenukira kwa mdala uja. "Kalinde. Ndinenenso? Mkazi wa mwana wodwala. Anakupempha kawiri. Chaka chimene munkamanga nsanja."

Mdalayo anayang'ana nkhope yawo nthawi yaitali. Ankayesetsa ndithu, zinkaoneka pachipumi. Kenaka anagwetsa maso.

"Mayi, ndinama ndikati ndakukumbukani. Analipo ambiri."

Anthu anang'ung'udza. Enelesi anamva magazi akuwira m'mutu. Akanakana, akanatukwana, zikanapepukako. Koma munthu amene dzina lake linakhala m'nyumba mwawo zaka zonsezi ngati utsi, iye sankadziwa n'komwe kuti kunali Chisoni.

"Analipo ambiri," anabwereza a Maluwa. "Mwamva nonse? Ine zaka makumi atatu ndi zisanu sindinagonepo tsiku osamuona, iye akuti analipo ambiri."

Bonifasio anagwada pafumbi. "Amayi, wolakwa ndine. Njerwazi ndabweretsa ndine. Che Abbas azibweza lero lomwe, ndidzamanga ya matope, ndidzachita chilichonse mungandiuze. Koma Enelesi musandilande."

"Dzuka, mwana iwe. Iwe sunandilakwire, ndipo ukwati sindikuukana."

Enelesi anapuma. Koma anafulumira kukondwa.

"Koma mlandu suola. Njerwa izi zibwerere kumene zachokera, ndipo sizikwera ngolo. Sizikweranso njinga. Zinakwera phiri lija pamutu, zibwerere pamutu." Anaika njerwa ija pamapazi a mdalayo. "Asenze yekha. Ine ndinkasenza zisanu ndi imodzi, mwana kumsana. Iye ndamuchitira chifundo, azisenza zinayi. Tsiku limene yomaliza idzachoke pabwalo langa, ankhoswe adzakhale pansi."

"Mlongo!" anatero a Timoti. "Kuchoka pano kukafika kumeneko ndi ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Njerwa zake zonsezi? Munthuyu ali ndi chifuwa, simukumumva kupuma kwake?"

"Akatopa apemphe mthunzi. Ine ndidzamulola."

Bonifasio anadzuka pang'onopang'ono. Fumbi linali m'mawondo, koma nkhope sinalinso ya munthu wogwada.

"Mukufuna kuwapha."

"Ndikufuna akumbuke."

"Bambo anga si bulu! Ndisenza ine, zonse, ngakhale zitenge chaka!"

"Iwe unalipo?"

"Ndiye ndi chikhristu chanu chimenechi? Mumaimba nyimbo Lamulungu lililonse, koma mumtima mwasunga chikoti!"

"Musawalankhule choncho amayi anga!" anatero Enelesi.

"Nanga anga alankhulidwe bwanji? Mwaima apo mukuonerera! Nenanipo kanthu, Enelesi! Auzeni kuti izi n'zankhanza!"

Enelesi anayang'ana mdalayo. Zinali zankhanza, ankaona yekha. Mdalayo nthiti zinkawerengeka pansi pa malaya. Koma akayang'ana amayi ake ankaona mtsikana wa msinkhu wake womwewo akumasula mbereko dzuwa litalowa, ndipo lilime linkakana. Ankawakwiyira onse, mdala, amayi, Bonifasio, a Timoti, ngakhale ng'ombe zimene zinkangotafuna.

Pamene ankakangana, a Gregorio anali ataika chingwe chawo pansi. Anavula jekete n'kulipinda bwinobwino. Anawerama mobuula, anatola njerwa ya pamapazi ija, n'kukatenganso zina zitatu pamulu.

"Bambo, siyani zimenezo! Tiyeni kwathu!"

"Chete, Bonifasio. Kumishoni anandiuza kuti zonse zafafanizidwa, ndipo ndinavomera msanga chifukwa zinali zopepuka." Anakhosomola kwa kanthawi. Kenaka anayang'ana kwa Enelesi, amene anali atavula duku lake kuti apukute thukuta ndipo linali likadali m'manja. "Mayi, ine chibadwire sindinasenzepo kanthu pamutu. Ndinkangoona ena. Zala zanganso zinauma. Ndipindireniko nkhata."



"Enelesi," anatero Bonifasio, mawu ali pansi. "Ndasenza njerwa miyezi isanu chifukwa cha inu. Mukapinda nkhata imeneyo, mwawasenzetsa ndinu. Akagwa panjira, mwawagwetsa ndinu. Ndipo ine pabwalo pano simudzandionanso."

"Mpindire," anatero a Maluwa. "Ine panalibe wondipindira. Ukakana, ukhale utadziwa kuti mchemwali wako wamuika m'manda kachiwiri."

Enelesi anayang'ana mnyamata amene anamukonda mpaka kusiya tchalitchi cha kwawo. Anafuna kumuuza kuti adikire, kuti ampatse tsiku limodzi lokha, kuti popanda nkhata njerwazo zikang'amba mutu wa bambo ake asanafike n'kumphambano komwe. Koma Bonifasio sankayang'ana nkhope yake. Ankayang'ana m'munsi, ndipo maso ake anali atafiira.

Nayenso anayang'ana pansi. Manja ake anali atayamba kale kupotokola dukulo, iye asanawauze.

Kumbuyo kwake tcheni cha njinga chinalira, matayala n'kuyamba kukukuta miyala ya kanjira kotulukira m'mudzi. Enelesi sanatembenuke, pakuti kutsogolo kwake mdala anali ataweramitsa mutu wa imvi, akudikira.